Vinyo wofiira wa ku Cape sanatilakwire, ndife timamumwa wotentha

Pa ukwati wina ku Lilongwe mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, mowa ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi anaziika mu dilamu la madzi ndi ayezi kuseri kwa tenti. Vinyo yekha ndiye anamusiya pamatebulo kuyambira m'mawa, mabotolo a vinyo wofiira wa Shiraz atawamanga maliboni ngati maluwa. Wina mu komiti anali atanena kuti vinyo wofiira salowa mu filiji, ndipo popeza anali munthu woyenda, panalibe womutsutsa. Cha m'ma 3 koloko amalume anathira pang'ono mu tambula, namwa, nkhope yonse n'kukwinyika.

"Ndiye vinyo wanu wa ku Joni uja ameneyu? Bola kachasu, amachita kukuuziratu kuti akuwotcha."

Anadzaza tambula ija ndi Coca-Cola. Ine ndinagwira botolo: linali lofunda ngati madzi a mu ndowa yosiyidwa pabwalo masana. Amalume sananame. Chimene anamwa tsiku limenelo chinali choipa ndithu. Koma botolo lomwelo ndalitsegulirapo alendo kambirimbiri mu lesitilanti imene ndagwiramo ntchito zaka zingapo kufupi ndi Stellenbosch, m'chigawo cha Western Cape ku South Africa, ndipo silikoma choncho.

Maganizo anga ndi akuti vinyo wofiira wa ku Western Cape ndiye vinyo wa mphesa amene ali pafupi nafe kwambiri. Ndi amene amadzaza mashelefu a m'masitolo a ku Blantyre, Lilongwe ndi Lusaka, ndipo abale athu ena ndi amene amathyola mphesa zake ndi kutsuka matambula ake. Komabe timamumwa ngati alendo amanyazi, potsata malamulo a nyumba za eni ake ndi mawu a eni ake. Ndiye ambiri amangogamula kuti ndi chakumwa chowawa cha anthu odzimva, pomwe lilime lawo silinapatsidwe mpata.

Lamulo lija lakuti vinyo wofiira amamwedwa pa kutentha kwa m'chipinda linachokera ku Ulaya, m'nyumba zamiyala zimene chipinda chodyera chimakhala pa madigiri 16 mpaka 18. Chipinda cha ku Area 25 mu Okutobala chimapitirira 30, cha ku Nchalo n'chosakamba. Vinyo akafunda motero, chidakwitso chimene chili m'kati mwake chimayamba kuuluka msanga, n'kuphimba fungo la zipatso. Chimene chimatsala ndi kuwotcha kwa pakhosi ndi kuwawa. Mankhwala ake ndi osavuta: ikani botolo mu filiji mphindi 30 kapena 40, kapena mu dilamu la ayezi lija kwa mphindi 15. Likazizira mopitirira musadandaule, mu tambula afunda yekha nkhani isanathe. Ku Cape komweko m'chilimwe, amene amapanga vinyoyu saona chachilendo kuika botolo la vinyo wofiira wa Pinotage mu kabokosi koziziritsira pamene akuwotcha nyama. Ndife tokha tatsala tikulondera lamulo limene eni ake analisiya.

Vinyo wa kumalo otentha ndi amene amavutika kwambiri ndi kufunda, ndipo chifukwa chake chili m'munda. Dzuwa likachuluka mphesa zimadzaza shuga. Yisiti imadya shuga ameneyo n'kumusandutsa chidakwitso, pafupifupi magalamu 17 a shuga mu lita imodzi pa peresenti imodzi iliyonse. N'chifukwa chake vinyo wofiira wa ku Paarl, Wellington kapena Robertson amalemba 14 kapena 14.5 peresenti pa botolo, pomwe wa kumadera ozizira a ku France nthawi zambiri amathera pa 12.5 kapena 13. Kutentha komweko kumachepetsa kuwawasa kwa mphesa, monga mango a maboloma amasiya kuwawasa akapsa. Choncho vinyo wake amatuluka wonenepa, wakuda bii, wonunkhira zipatso zakupsa kwambiri. Akazizira pang'ono amachita ngati wamanga lamba, chilichonse chimakhala pamalo pake. Akafunda amatayirira.

Koma tisaganize kuti ku Cape ndi ng'anjo chabe. Nyengo yake ndi yotembenuka poyerekeza ndi yathu: mvula imagwa mu Juni, Julayi ndi Ogasiti, ndipo miyezi imene ife tili kalikiliki kupalira chimanga, kumeneko kumauma gwa. Mphesa zimapsa kopanda mvula, n'kukololedwa kuyambira kumapeto kwa Januwale mpaka Malichi. Ichi n'chimodzi mwa zifukwa zimene mphesa za vinyo zimavutira kwathu, kumene mvula ndi kutentha zimabwera limodzi n'kuwoletsa zipatso. Kumadzulo kwa Cape kumadutsa madzi ozizira a m'nyanja otchedwa Benguela, ndipo m'chilimwe kumawomba mphepo yamphamvu ya kum'mwera chakum'mawa imene amaitcha Cape Doctor. Mphepo imeneyi imakugwetsera chipewa, imatseka zitseko yokha, koma imaumitsa masamba a mpesa kuti nkhungu isamere, n'kuziziritsa minda madzulo. Munda woyang'ana kunyanja ku False Bay ndi munda wa kuseri kwa phiri, ngakhale atalikirane makilomita ochepa, amatulutsa vinyo wosiyana. Kuti mumve zimenezi sipafunika sukulu. Pafunika matambula awiri oyandikana.

Dera limene ine ndimalikonda ndi Swartland, kumpoto kwa Cape Town, cha ku Malmesbury ndi Riebeek-Kasteel. Ndi dziko la tirigu, louma, lafumbi, limene kale anthu ankaliona ngati lotulutsa vinyo wa m'matanki basi. Mipesa yambiri yakale kumeneko siyanga pa waya, imangoima yokha ngati tizitsamba, ndipo siithiriridwa. Mizu imakumba pansi kufuna madzi, zipatso zimatuluka zochepa, zazing'ono, koma zokoma mothinana. Wopanga vinyo Eben Sadie atapanga vinyo wake wa Columella koyamba mu 2000, ndipo iye ndi anzake ena atayambitsa chikondwerero cha Swartland Revolution mu 2010, dziko linazindikira kuti malo otentha angathe kutulutsa vinyo wofiira wopepuka mtima, bola mlimi athyole mphesa zisanapse mopyola ndipo asamumize m'fungo la migolo yatsopano. Mipesa ya zaka 35 kupita m'tsogolo tsopano ili ndi chidindo chakechake pa botolo, pomwe kale inkazulidwa chifukwa chosabereka zambiri.

Tsono nkhani ya mawu, imene imandipweteka kuposa ya filiji.

Nditangoyamba ntchito ankatisonkhanitsa Lachiwiri lililonse masana, tonse operekera zakudya, Amalawi, a ku Zimbabwe, a ku Congo, Axhosa, kuti tilawe vinyo amene tizigulitsa. Wotiphunzitsa ankazunguza tambula, n'kulowetsamo mphuno, n'kunena kuti mukumveka blackcurrant, cassis, cedar, violets. Tonse tinkagwedeza mitu. Ine blackcurrant ndinali ndisanaionepo, kaya ndi mtengo kaya ndi chitsamba. Ndinkaloweza mawuwo ngati ndime ya ku Sande sukulu, madzulo n'kukawabwereza kwa alendo, ndipo ankandipatsa tipi. Miyezi isanu ndi umodzi ndinagulitsa vinyo amene sindinamumvepo n'komwe, ngakhale ankadutsa pakamwa panga sabata iliyonse.

Tsiku lina anathira Syrah (dzina lina la Shiraz) ya ku Swartland. Ndisanaganize, mphuno inandifikitsa kukhitchini kwa agogo ku Dowa, pansi pa nsanja pamene ankawamba nyama, utsi utalowerera mpaka mu udzu wa denga. Nditamwa, mkamwa munakhakhala monga muja mumachitira ukadya nthudza yosafewa bwino. Ndinanena mokweza m'Chichewa, mnzanga wa ku Mangochi n'kuphulika kuseka, kenako ananunkhiza, n'kukhala chete. "Eee, nthudza zenizeni." Kuyambira tsiku limenelo vinyo uja sindinamusokonezenso ndi wina. Umu ndi mmene kulawa kumagwirira ntchito: mphuno imasunga fungo pamodzi ndi malo ndi tsiku, ndipo dzina limene umalipatsa ndi chogwirira choti ukalitenge mawa. Chogwirira chobwereka chimapulumuka m'manja.

Ndipo ife tili ndi nkhokwe yodzaza. Kukhakhala kuja, kumene amakutcha tannin, kumachokera ku makoko ndi njere za mphesa, ndipo aliyense amene analumapo nthochi yaiwisi kapena kumwa tiyi wa ku Thyolo wokhalitsa mu ketulo wopanda mkaka amakudziwa. Cinsault wabwino, wofiira mowala, wowawasa pang'ono, ndi chidede. Merlot wa ku Stellenbosch wakupsa bwino amakumbutsa mabulosi akuda aja ankatidetsa malaya a yunifolomu. Cabernet Sauvignon amene wakhala zaka zingapo m'botolo amanunkhira fodya wouma, ndipo munthu amene anadutsapo ku Kanengo nthawi ya msika sangafune womasulira. Pali vinyo wina amene amanunkhira dothi pamene mvula ya chizimalupsa yangodontha. Pali kuwawasa kwa bwemba, kumene kuli kosiyana ndi kwa malambe, kumene kulinso kosiyana ndi kwa masawu ouma. Mwana wa ku Chikwawa amasiyanitsa mitundu itatu imeneyi asanayambe sitandade 1. Ndani anatiuza kuti lilime lotere ndi losaphunzira?

Mnzanga wina, amene anakhoza mayeso a ukatswiri wa vinyo, amanditsutsa pamenepa. Akuti mawu a ku Ulaya aja ndi chinenero cha malonda: ukati blackcurrant, wogula wa ku London, wa ku Tokyo ndi wa ku Cape Town amva chimodzi, koma ukati nthudza wamva wekha ndi agogo ako. Akunena zoona, ndipo amene akufuna kudyera ntchito imeneyi aphunzire mawuwo, monga tinaphunzirira Chingelezi kuti tilembedwe ntchito. Koma chinenero cha pamsika sichingakhale choyambira. Umayamba wamva, n'kutchula m'mawu ako, kenako n'kufuna liwu lawo lofanana nalo. Ukayambira ku mawu awo umangokhala chinkhwe chovala epuloni, ngati mmene ndinalili ine.

Umboni uli pafupi. Mu 2017 dziko la Zimbabwe linatumiza koyamba timu ku mpikisano wa dziko lonse wozindikira vinyo osaona botolo, ku France. Anyamata anayiwo, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, onse anapita ku South Africa kukasaka ntchito ngati mmene timapitira ife, osadziwa kanthu za vinyo. Dhafana anayamba ndi kulima m'magadeni ku Riebeek-Kasteel komwe kuja. Chaka choyamba anathera kumunsi, chotsatira anakwera. Lero Nyamudoka ali ndi vinyo wake wotchedwa Kumusha, kutanthauza kumudzi m'Chishona, ndipo wa Dhafana ndi Mosi. Ntsiki Biyela wa ku KwaZulu-Natal anapita kukaphunzira kupanga vinyo ku yunivesite ya Stellenbosch asanamulawepo, maphunziro ali m'Chiafrikaans, ndipo anakhala mayi woyamba wakuda wopanga vinyo m'dzikolo. Kampani yake anaitcha Aslina, dzina la agogo ake. Palibe mmodzi wa anthu amenewa amene anakulira pansi pa chitsamba cha blackcurrant.

Ngati pali mphesa imene Mmalawi angayambire, ndi Pinotage, mwina chifukwa nayo inanyozedwa. Inabadwira ku Stellenbosch pamene pulofesa Abraham Izak Perold anakwatitsa Pinot Noir, mphesa yosachedwa kudwala ya ku Burgundy ku France, ndi Cinsault, yopirira dzuwa, imene ku Cape ankaitcha Hermitage. Mu 1925 anadzala njere zinayi zokha m'dimba la nyumba yake ku Welgevallen, ndipo atasamuka kukagwira ntchito ku bungwe la alimi a vinyo la KWV ku Paarl timbande tija tinatsala m'tchire. Zikanapita ndi makasu a olambula akanapanda mphunzitsi wachinyamata, Charlie Niehaus, kuzipulumutsa. Dzina la Pinotage linaoneka koyamba pa botolo mu 1961, pa vinyo wa Lanzerac. Akatswiri a ku Britain amene anayendera Cape mu 1976 anamunyoza kuti akununkha misomali ya dzimbiri, ndipo alimi ena anazula minda. Kenako mu 1991 Beyers Truter wa ku munda wa mphesa wa Kanonkop anapatsidwa ulemu wa wopanga vinyo wopambana pa mpikisano wa ku London, ndi Pinotage yemweyo.

Ndisabise, Pinotage woipa alipo ndithu, ndipo amanunkha ngati tayala lopsa kapena mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo. Palinso mtundu uja wonunkhira khofi ndi chokoleti, umene unatchuka ku Wellington cha m'ma 2001, fungo lake lochokera ku matabwa owauka osati ku mphesa. Ine sindiukonda, umandikumbutsa bisiketi, koma walowetsa anthu ambiri pakhomo ndipo sindiutukwana. N'chimodzimodzi ndi vinyo wotsekemera wa Four Cousins ndi anzake, amene sasowa pa bridal shower iliyonse. Amene amaseka azimayi omwa vinyo ameneyu ndi omwe aja amasiya Shiraz padzuwa. Chokhacho n'chakuti shuga amaphimba zonse, monga tiyi wa masupuni asanu sungadziwe ngati ndi wa ku Mulanje kapena wa kwina. Amene akufuna kumva mphesa ayese tsiku lina wopanda shuga, wozizira bwino, ali ndi chakudya patsogolo.

Chakudyacho n'chofunika, chifukwa vinyo wamphamvu wotere sanapangidwe kuti azimwedwa m'mimba muli gwa. Tannin amagwirana ndi mafuta ndi nyama, ndiye kukhakhala kuja kumafewa. Mbuzi yootcha, kanyenya wa ng'ombe, mang'ina ophika mpaka kulekana, ngakhale nyemba zothira bwino anyezi ndi tomato, zonsezi zimayenda ndi Pinotage kapena Shiraz. Chambo ayi, Cabernet amachipondereza n'kusiya kakomedwe ka chitsulo mkamwa. Tsabola wa kambuzi muchepetse, chifukwa moto wake ndi moto wa 14.5 peresenti zikakumana palibe chimene mumve.

Pali funso lina lolemera limene sindingalidumphe, ndipo amandifunsa ndi anthu a ku mpingo kwathu komanso chikumbumtima changa. Kodi n'koyenera kuyamikira chakumwa chokhala ndi mbiri yotere? Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck, mtsogoleri wa atsamunda a Chidatchi, ndipo minda imene inatsatira, kuphatikizapo Constantia wa bwanamkubwa Simon van der Stel wa mu 1685, inalimidwa ndi akapolo, ena ochokera ku Mozambique ndi Madagascar. Ukapolo utatha kunatsala dop, mchitidwe wolipira antchito gawo la malipiro awo ndi vinyo. Lamulo linauletsa cha m'ma 1960 koma m'mafamu ena unapitirira mpaka m'ma 1990, ndipo zipsera zake zikuoneka lero mwa ana obadwa ovulala ubongo chifukwa amayi awo ankamwa ali oyembekezera, vuto limene ku Western Cape ndi lalikulu kuposa malo ambiri padziko. Mu 2012 antchito a m'minda ya mphesa ku De Doorns ananyanyala ntchito akulandira R69 patsiku, ndipo boma linakweza kufika pa R105. Nyumba zoyera zokongola zija zimene alendo amajambulitsapo zili ndi kuseri kwake, ndipo ine kuseriko ndakuona, ndi kumene timatsikira minibasi.

Yankho langa silokhutiritsa aliyense. Amene samwa asayambe chifukwa cha ine. Koma kwa amene amamwa kale, kudziwa ndi kumene kumasintha kagulidwe. Munthu amene amawerenga botolo amayamba kufunsa kuti munda wake ndi uti, mwini wake ndani, antchito amakhala bwanji, ndipo angasankhe Aslina kapena Kumusha m'malo mwa chigubu chopanda dzina la munda. Amene amangofuna kuledzera safunsa kanthu. Komanso kulawa ndi kumwa mofatsa. Botolo limodzi la mamililita 750 pa 14.5 peresenti lili ndi chidakwitso choposa cha mabotolo asanu ndi limodzi a mowa wamba wa mamililita 330. Amene amamwa vinyo ngati Sobo pa ukwati, n'kumati si mowa, ndi amene timawanyamula cha m'ma 7. Botolo limenelo ndi la anthu anayi kapena asanu ndi mbale ya nyama, ndipo woyendetsa galimoto asakhale m'gulumo.

Pogula, yang'anani kachidindo ka pakhosi pa botolo ndi mawu akuti Wine of Origin, dongosolo limene linayamba mu 1973. Akalemba Swartland kapena Stellenbosch ndiye kuti mphesa zonse zachokera kumeneko, ndipo akalemba dzina la mphesa ndiye kuti mphesa imeneyo ndi 85 peresenti kapena kuposa. Akangolemba Western Cape ndi zosakaniza za madera ambiri, zimene sizoipa koma musazilipire mtengo wa munda umodzi. Ndipo kumbukirani ulendo umene botolo layenda: pa thiraki kudutsa Beitbridge, kuima pa mzere padzuwa la ku Tete, kulowa pa Mwanza, kenako kukakhala pa shelefu ya pawindo miyezi ingapo. Vinyo amapsa. Mukaona chitsekero chatukumuka kapena madontho ouma m'khosi mwa botolo, lisiyeni. Tengani la kuseri kwa shelefu, kumdima, ndipo pa vinyo wotsika mtengo sankhani wa chaka chaposachedwa. Zoti vinyo aliyense amakoma akakalamba ndi nthano ina yobwereka.

Patapita sabata chichitikire ukwati uja ndinapita kwa amalume ndi botolo la Cinsault limene ndinabwera nalo m'chikwama, nditalikulunga m'juzi. Magetsi anali atazima kuyambira m'mawa, ndiye ndinagula ayezi wa m'mapepala pa golosale, n'kumiza botolo mu ndowa. Azakhali anakazinga chiwindi cha mbuzi. Amalume anayang'ana tambula mokayika, nafunsa ngati Coca-Cola alipo pafupi. Ndinawapempha kuti ayambe anunkhiza. Anatero kawiri, namwa pang'ono, n'kukhala kaye akutafuna chiwindi.

"Iwe, uyu si uja wa ku ukwati."

Ndinati ndi wa kudera lomwelo, mphesa ina chabe. Ndinawafunsa chimene akumva, ndikudikira kuti anene chidede, poti ndi chimene ndinali nditakonzekera kuvomereza.

"Chidede chake chiti? Awa ndi matowo. Aja a kuseri kwa sukulu, tikuchokera kobusa." Anakankhira botolo kwa ine ndi chala. "Bwezera m'madzimo, lisafunde."